Malaya Amene Ndinawamata m'Jumbo

Mlongo wanga Weston anafika kumtunda atagona m'bwato, ali ndi bala pamwamba pa khutu, ndipo amene ankapalasa bwatolo anali amuna anga a Aleck. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala. Ine ndinali pathandala panga, pagombe la kumunsi kwa Chintheche, ndikuyanika usipa, pamene ndinamva amayi akukuwa. Ndinathamanga ndi beseni m'manja osadziwa n'komwe kuti ndalinyamula.

A Aleck anafotokoza ali chiimire m'madzi, opanda malaya. Anati anapita awiriwo kukavuula matchera, maukonde amene anatchera dzulo lake. Chingwe chinawacheka pachikhatho, ndiye anavula malaya n'kukulunga dzanjalo. Mphepo ya mpoto inali itayamba kale. Weston anaimirira kuti amasule ukonde umene unakodwa, funde linamenya bwato, iye anagunda mutu pamphepete n'kugwera m'madzi. Iwo anataya malaya aja m'bwato n'kudumphira. Anamufuna nthawi yaitali, ndipo pomutulutsa anali atapita kale, bala lili mbee, nyanja italitsuka.

Pagombe ponse ankadziwa zimene zinachitika masiku asanu ndi atatu m'mbuyomo. A Aleck anandimenya mpaka diso kutsekeka, ndipo Weston atandiona anatsikira kunyanja, n'kuwagwira pakhosi anthu akuona. Anawauza kuti akadzandigwiranso, mmodzi wa iwo adzamwa nyanja. Koma bwato linali limodzi, losiya malemu bambo athu, choncho m'mawa mwake anakweranso awiriwo, osalankhulana.

Tsono mundimvetse. Ine Mavis, anthu kuno ankanditchula kuti a CID, ndipo ndinkalikonda dzinalo, ndisaname. Masana aliwonse, usipa ukamauma, ndinkakhala pabenchi m'golosale ya Rehema, mnzanga wa ku Mangochi amene ali ndi sola ndi kanema. Ena ankafuna mafilimu achikondi, ine ndinkafuna a apolisi ofufuza za kuphana. Anthu ovala zoyera, magolovesi m'manja, akutola tsitsi limodzi lokha pansi ndi kapani. Akaliika m'kathumba koonekera, n'kupita nalo kulabu, pasanathe mphindi khumi kompyuta yatulutsa nkhope ya wakupha, dzina ndi kumene amagona. Chizungu changa ndi cha Fomu 2, koma ndinkamasulira benchi yonse. Ndinkawauza kuti masiku ano munthu sabisala, magazi amanena okha.

Ndiye nditaona mlongo wanga m'bwato muja, ndinalira, inde, koma pakamwa panga panatuluka mawu ena.

"Musagwire chilichonse! Dikirani apolisi!"

Anthu anandiyang'ana ngati ndapenga. Amalume athu a Zacharia, mkulu wa mpingo, anandigwira paphewa.

"Mwana iwe, tisiye mbale wako padzuwa ngati nsomba? Khala pansi ulire."

Anamunyamulira pamphasa kupita naye kwa Ama, mayi athu. Isanakwane teni koloko amayi a Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, anali atamusambitsa, atamumeta kuzungulira bala, atamuveka suti yake ya kwaya. Anyamata nawo anakokera bwato pamchenga n'kulikwecha mkati ndi kunja, ndi nkhafi zomwe, poti kwathu bwato limene lanyamula maliro siligona losatsuka. Ndinawatukwana anyamata aja, Mulungu andikhululukire. Ndinawauza kuti ndi mbuli, akupha umboni ndi manja awo.

Koma chinthu chimodzi ndinali nditawatsogolera. Anthu ali kalikiliki ndi mphasa, ine ndinatola timitengo tiwiri n'kunyamula malaya a Aleck pansi pa bwato. Anali akaki, onyowa ndi madzi a m'bwato, magazi pachifuwa ndi padzanja lamanja. Ndinawagwetsera m'beseni langa n'kuvundikira ndi chitenje. Mutu wanga unkawerenga bwinobwino. A Aleck anena okha kuti anavula asanamugwire Weston, ndipo pomutulutsa magazi anali atasiya. Ngati magaziwa ndi awo okha, akunena zoona. Ngati pali dontho la Weston, ndiye kuti ndimagona ndi munthu amene wapha mlongo wanga.

Ndinadutsira kwa Rehema. Sanafunse zambiri, anandipatsa majumbo awiri atsopano, oonekera, amene amapimiramo shuga. Tinaika malayawo ali chinyowere, tinafinya mpweya, Rehema n'kuyatsa kandulo, n'kumata kukamwa kwa jumbo monga amachitira ndi timapaketi ta mchere. Tinamatanso lachiwiri pamwamba pake. Ndinalemba tsiku ndi dzina pakapepala. Kunyumba ndinakalisomeka pamwamba pa khoma, pansi pa malata penipeni, pamene mwana wathu Miracle sangafike. Ndikutsika pampando paja, pakati pa chisoni chonsecho, ndinadzimva wanzeru. Ha!

Apolisi anafika cha m'ma thiri koloko ndi dokotala mmodzi. Anatitulutsa m'nyumba, ndipo sanachedwemo. Dokotala analemba kuti wamenyeka m'mutu n'kumira. Ndinamutsatira mpaka pagalimoto.

"Chammenya n'chiyani, adokotala? Bwato kapena nkhafi?"

"Chinthu cholimba, mayi. Zonsezo ndi mitengo."

A Aleck anawatenga, anagona kumeneko masiku awiri, n'kuwatulutsa poti panalibe mboni. Za malaya sindinawauze apolisi tsiku limenelo. Mungafunse chifukwa chake. Ndinkaopa, basi. Ndinkafuna kudziwa, komanso ndinkaopa kudziwa, ndipo ndinkadzinamiza kuti zili m'jumbo sizithawa.

Tinaika maliro Lachinayi kumanda a kwathu kufupi ndi Bandawe. Loweruka, tsiku losesa pakhomo pomaliza maliro, abale atakhala pansi pa mango, Ama analankhula. Ama ndi munthu wosakweza mawu, koma tsiku limenelo anamveka mpaka kumsewu.

"Mavis, ndinabereka awiri, wanditsalira ndiwe. Sungabwerere kukaphikira munthu amene wandiphera mwana. Tenga Miracle ubwere kuno. Ukapitanso kwa iyeyo, ine usadzanditchulenso Ama."

A Aleck anali atakhala patali, pachitsa, dzanja lili m'bandeji, mutu uli pansi. Kumbuyo kwawo kunali anyamata a pagombe, anzake a Weston, amene ankanong'onezana za petulo ndi machesi. Aliyense ankadziwa nyumba imene ankanena.

Ndinaimirira. Mkazi saimirira pabwalo lotero, koma ndinaimirira.

"Ama, amalume, ndili ndi malaya amene awisi Miracle, amuna angawa, anavala tsiku lija. Ndinawasunga monga amasungira odziwa. Ndipita nawo kuboma akawapime. Makina akanena kuti pali magazi a Weston, amuna angawa ndidzawapereka ndekha kupolisi, ndi manja angawa. Akanena kuti palibe, muwasiye."

A Aleck anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sindinathe kuwerenga nkhope yawo. A Zacharia anafunsa ngati makinawo salakwitsa, ndipo ndisanayankhe, mnyamata wina kumbuyo anati, "Salakwa amenewo, ada, timaonera kwa Rehema." Anagwirizana kuti aliyense adikire.

Sabata yonse yotsatira ndinali kwa Ama, poti anali atagwa, osadya, osadzuka, ndipo wowasamala ndinali ine. Ndinapita kuboma Lachisanu, malaya atatha masiku khumi pansi pa malata, m'kutentha kwa Okutobala kumene ngakhale abuluzi amathawira pamthunzi. Potsitsa jumbo lija ndinaona kuti lafufuma, mkati muli thukuta, osaoneka bwino. Ndinangoti ndi mmene zimakhalira. Ndinaliika m'chikwama, ndinavala chitenje chatsopano, n'kukwera minibasi ya ku Nkhata Bay. Tikudutsa minda ya mpunga ya ku Limphasa ndinali nditafungatira chikwamacho pamiyendo, kukana kuti kondakitala achiike kumbuyo.

Ndinkayembekeza chipinda chozizira, magetsi oyera, anthu a magolovesi. Anandilowetsa m'kaofesi kokhala ndi tebulo limodzi, mipando iwiri ndi mafayilo omanga ndi ulusi, ounjikana mpaka pawindo. Kumeneko kunali mayi wa CID weniweni, wonenepa, wa imvi pang'ono, wolankhula Chichewa cha kummwera. Anati dzina lawo ndi a Bessie. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, ndipo nkhani ya Weston ankaidziwa kale.

"Tiwaone malayawo," anatero.

Ndinaika jumbo patebulo, kakapepala kali pamwamba kuti aone kuti si ine mbuli. A Bessie analiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anapuma mpweya wautali. Anavala magolovesi, anatsegula windo, n'kucheka jumbolo ndi lezala.

Mayo ine, fungo lake! Wapolisi wina amene ankadutsa pakhonde anatukwana n'kuthawa. Malaya aja sanalinso akaki. Anali akuda ndi obiriwira, oterera, nkhungu itamera paliponse, ndipo pamene panali magazi sipankasiyana ndi pamene panalibe. Pansi pa jumbo panali timadzi tabii.

"Munawaika ali onyowa?"

"Eya. Kuti umboni usauluke."

"Munawasunga pati?"

"Pansi pa malata."

A Bessie anakhala pansi. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimayanika usipa."

"Usipa wauwisi mumauika m'jumbo n'kumata ndi kandulo?"

Ine ndayanika nsomba kuyambira ndili ndi zaka naini. Mwana wanga atabwera ndi usipa wauwisi m'jumbo ndingamukoke khutu. Chonyowa chimafuna mphepo, zimenezo ndimazidziwa ngakhale ndili m'tulo. Thandala langa linali pomwepo, mapazi makumi awiri kuchokera pabwato, dzuwa likuswa mtengo.

"Magazi ndi nyama, mayi, amaola," anatero a Bessie. "Mukanangowayanika pamthunzi, auma, n'kuwakulunga m'pepala, ngakhale la nyuzi, bwenzi tikukamba zina."

"Koma pakanema amaika m'mapulasitiki! Ndaona ndi maso angawa, kambirimbiri!"

"Amatero kuti inu oonera muone chili mkatimo. Ndipo pakanema sipanunkha."

Ndinayamba kukakamira ngati mwana. Ndinati makina ndi amphamvu, amapeza munthu ndi tsitsi limodzi, angalephere malaya athunthu? Ndinati DNA siola. Ndinatchula mawuwo mokweza kuti adziwe kuti ndimawadziwa.

"Imaola," anatero. "Ndipo ndikuuzeni zonse, musachoke pano ndi chiyembekezo chabodza. Makina amenewo muno mulibe. Zoterezi zimatumizidwa kutali, zimadikira pamzere, miyezi imatha, nthawi zina chaka. Zikabwera, woweruza amafunsa kuti malayawa anawatola ndani, anawasunga ndani, anawagwira ndani. Yankho lake ndi lakuti mkazi wa woganiziridwa, amenenso ndi mlongo wa malemu, anakhala nawo masiku khumi kunyumba kwake. Mukuona? Ndingathe kuwalemba m'buku n'kuwasunga, koma ndikakuuzani kuti mudzamva kanthu, ndakunamizani."

"Nanga inu, mwaona milandu yambiri. Mukuganiza kuti anamupha?"

"Sindinali m'bwatomo, mayi. Munali anthu awiri, mmodzi munamuika m'manda."

Anandifunsa ngati amuna anga amandimenya kawirikawiri, n'kundiuza khomo limene ndingagogode zikachitikanso. Ndinangogwedeza mutu movomera. Malaya ndinawasiya pomwepo. Panja ndinakhala pamwala n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Ndinali nditakwiyira amayi a Umanyano, nditatukwana anyamata otsuka bwato, koma iwo anangochita zimene makolo awo ankachita. Chinthu chokhacho chimene chikanalankhula chinali m'manja mwanga, ndipo ndinachiphika ndekha pansi pa malata chifukwa chofuna kufanana ndi azungu a pakanema.

M'minibasi yobwerera ndinayesa kukonza mawu okanena. Ndikanena zoona, kuti palibe yankho ndipo silidzakhalapo, Ama sasintha. Ndidzasiya banja, kapena ndidzasiya mayi wondibereka. Anyamata aja adzagula petulo wawo. Miracle adzakula akulozedwa chala kuti bambo ake anapha amalume ake. Ndipo ngati a Aleck sanachite? Munthu anadumphira m'mafunde kufuna mlamu wake, kenako n'kumuotchera nyumba chifukwa cha kupusa kwa mkazi wake? Nanga ngati anachita? Mutu unkazungulira pomwepo mpaka kondakitala anachita kundigwedeza kuti tafika pa Chintheche.

Ndinapeza abale atasonkhana kale pansi pa mango paja, poti wina anandiona ndikutsika. Ama anali pamphasa, atatsamira khoma. A Zacharia anali ndi Baibulo pamiyendo. A Aleck anali pachitsa chawo chomwe chija, ndipo anyamata anali ataima kumbuyo.

"Tiuze, mwana wanga," anatero a Zacharia. "Makina ati chiyani?"

Sindinakonzekere, ndikulumbira. Pakamwa panangotseguka.

"Apima. Magazi ndi a awisi Miracle okha. A Weston palibe ngakhale dontho."

Ndinadikira kuti wina afunse pepala. Ndinadikira kuti wina adabwe kuti zatheka bwanji tsiku limodzi, kupita m'mawa n'kubwera ndi yankho masana. Palibe anafunsa. Akanafunsa bwanji? Ndi ine ndemwe ndinakhala zaka zitatu pabenchi ya Rehema ndikuwaphunzitsa kuti makina amayankha msanga kuposa mmene madzi a tiyi amawirira. Anyamata aja anayang'anana, mmodzi anavula chipewa, n'kuyamba kuchoka mmodzimmodzi.

Kenako Ama anachita chinthu chimene sindidzachiiwala mpaka m'manda. Anadzuka pamphasa, munthu amene sabata yonse ndinkachita kumunyamula, n'kuyenda chogwada pafumbi mpaka pamapazi a mkamwini wawo.

"Ada, ndinakulakwirani. Munalowa m'madzi kufuna mwana wanga, ine n'kukutchulani wakupha pamaso pa anthu. Mundikhululukire."

A Aleck analira mokweza, n'kuwadzutsa ndi dzanja lawo labwinolo. A Zacharia anayambitsa nyimbo, anthu anapolokezana, ndipo ine ndinaimba nawo. Pomaliza Ama analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete la Weston la mvula, limene ankavala panyanja, n'kuwapatsa a Aleck kuti ndiwo mwana wamwamuna amene watsala. Madzulo amenewo ndinanyamula Miracle ndi katundu wanga n'kubwerera kunyumba kwanga.

M'mawa mwake ndinatsikira kuthandala, poti usipa sudziwa maliro. Dzuwa litakwera ndinaona a Aleck akubwera. Pa zaka leveni za ukwati wathu anali asanagwirepo nsomba yapathandala, amati ndi ntchito ya akazi. Tsiku limenelo anaima pambali panga n'kuyamba kutembenuza usipa ndi dzanja limodzi, mosadziwa, akuuphwanya mitu. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu pafupi.

"Anyina Miracle," anatero motsitsa mawu, "makina aja anangoona magazi angawo basi? Sanaonenso china?"

Munthu wosalakwa angafunse funso limenelo, poti wazunzika ndipo akufuna kumva kawiri kuti zatha. Wolakwa angafunsenso chimodzimodzi, ndi mawu omwewo. Ndinawayang'ana m'maso nthawi yaitali, ine amene ndinkati ndimazindikira wakupha filimu isanafike pakati, ndipo sindinaonemo chilichonse. Ndinaona mwamuna wanga, atavala jekete la mlongo wanga kunja kukutentha.

Ndinalibenso wokamuuza. Ndikapita kwa Ama ndiye kuti ndinawagwaditsa pafumbi ndi bodza. Ndikapita kwa amalume ndiye kuti ndinawaimbitsa nyimbo ya Mulungu pa bodza. Mlandu ndinautseka ndekha, ndipo ndidzagona m'nyumba imodzi ndi funso limeneli mpaka mmodzi wa ife adzafe.

"Sanaone china," ndinatero.

"Yewo," anatero iwo mothokoza, n'kupumira m'mwamba. "Masana ano uphike msanga. Ndikufuna ndikatchere matchera."